Vinyo Amene a Haji Anakana

Kuyambira pamene a Haji Mokhtar anabwerako ku Makka, m'lesitilanti mwawo simunalowenso botolo la vinyo. Nsomba zinali zomwezo, zochokera padoko la Kelibia m'mawa uliwonse, ndipo wowotcha anali yemweyo, mwana wawo wamkazi Dorra. Koma alendo ankati akakhala pansi n'kumva kuti vinyo kulibe, ambiri ankadzuka mwaulemu n'kulowa khomo loyandikana nalo. A Haji sankadandaula nazo. Amene zinkamupweteka anali Dorra, ngakhale kuti sichinali chifukwa cha matebulo opanda anthu.

Wobweretsa vinyoyo kale anali Nidhal, mnyamata wa kumtunda kuminda ya mpesa, amene anatenga ntchitoyi bambo ake atamwalira. Tsiku loyamba kufika ndi mabokosi ake, anaona mbale ya nsomba ikutuluka itafiira ndi harisa, tsabola wopera uja. Anatula katundu, n'kulowa kukhitchini osaodira, n'kumuuza wophikayo kuti tsabola wochuluka chonchi akumuphera vinyo wake. Dorra anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuyankha kuti vinyo woopa tsabola azikhala kwawo ndi amayi ake.

Mlungu wotsatira mnyamatayo anabwera kudzapepesa. Dorra anangomuwotchera nsomba ya mchere, ndimu ndi mafuta a azitona basi, n'kumukankhira mbale. Nidhal anadya ataimirira, n'kupsonthako vinyo wake, n'kutseka maso nthawi yaitali. Zinayambira pamenepo. Dorra anali asanalaweko vinyo chibadwire, monga analiri malemu amayi ake, choncho anagawana ntchito: iye ankanunkhiza, Nidhal ankalawa n'kumufotokozera. Anthu ena amakondana polemberana mawu okoma, koma awa anakondana pokangana za chimene chiyenera kutsagana ndi chiyani pambale.

Tsopano galimoto ya Nidhal inalibenso chifukwa choimira pakhomopo.

*

Masana ena, alendo atabalalika, uthenga wa Nidhal unalowa pafoni ya Dorra: "Ndili kulinga. Ndabwera ndi khanda."

Anaseka yekha, n'kuvula epuloni. Khandalo anali vinyo watsopano wa chaka chimenecho. Anamupeza Nidhal atakhala pakhoma la linga lakale, pamwamba pa phiri, mphepo ikumusokoneza tsitsi. Anatulutsa kabotolo m'thumba, n'kukatsegula, n'kukafikitsa pamphuno pa Dorra.

Fungo linali la maluwa a malalanje, ndi la khungu la ndimu ukalikanda ndi chikhadabo, ndipo pansi pake panali fungo la mphesa zongothyoledwa kumene zikadali zofunda ndi dzuwa. Dorra ananena zonsezi chimodzi ndi chimodzi, maso ali chitsekere. Nidhal anati zoona, koma m'kamwa nkhani ndi ina: vinyoyu satsekemera n'komwe, ndi wopepuka, wowawasa pang'ono, ndipo ukameza amasiya kamchere kulilime ngati wayenda m'mbali mwa nyanja kuli mphepo.

"Mphuno amailonjeza uchi," anatero, "koma lilime salipatsa ngakhale kadontho."

"Ndiye kuti ndi mwamuna ameneyo," anatero Dorra.

Anayamba kumuwerengera zimene akanaphika. Nsomba yowotcha pamakala, khungu litapserera pang'ono. Briki, mtanda wopyapyala wokutira dzira n'kukazinga, wotentha, wophwanyika m'kamwa, wofinyirapo ndimu. Nkhanu zokazinga ndi adyo wochepa. Nidhal atatchula kusikusi, timibulu ta tirigu tophika ndi nyama ya nkhosa, Dorra anamumenya pamkono n'kunena kuti nkhosa ingamupondereze mwana wosalakwayu mpaka kufa. Anaseka onse, koma kuseka kwawo kunatha msanga. Aliyense anakumbukira kuti tebulo loti nsombayo ndi vinyoyo zikumanirepo kulibenso.

Ndi pamene Nidhal ananena kuti Lachisanu, anthu akatuluka kumzikiti, abwera kwa a Haji kudzafunsira mbeta, ndipo amuperekeza ndi amalume ake a Bechir. Dorra anamupempha kuti apeze munthu wina, poti tauni yonse inkadziwa kuti a Bechir mawu amatuluka asanafunse mutu. Nidhal anayankha motsitsa kuti bambo ake ali m'manda, ndipo munthu sapita yekha kukapempha mkazi ngati mwana wamasiye wosowa fuko.

"Usaope," anatero. "A Haji anandinyamulapo ndili mwana."

Dorra anayang'ana mabwato pansi padoko. Iye ankawadziwa bambo ake kuposa pamenepo.

*

Lachisanu a Haji anawalandira bwino alendowo. Anawakhazika pabalaza, n'kuitanitsa tiyi wa mtedza ndi makeke a uchi. Dorra atapereka zonsezi anatuluka, koma sanapite patali. Anaima kuseri kwa chitseko, thireyi ili pachifuwa.

A Bechir anayamba bwino, mpaka Dorra anayamba kupuma. Anakamba za ubwenzi wa mabanja awiriwa, za khalidwe la mphwawo, kenako anatula chimene anabwerera. A Haji anamvetsera mpaka kumapeto. Poyankha sanakweze mawu. Anati Nidhal amamudziwa, ndi mwana waulemu, wolimbikira, ndipo alibe naye mlandu. Anati iwo eni anagulitsa vinyo wa bambo ake zaka zambiri, ndipo sangaime pagulu n'kudziyesa oyera. Koma anapita ku Makka, anasiya, ndipo chimene munthu wasanza sabwereranso kukachidya.

"Mwana wanga," anatero, "mphesa zako zigulitse kumsika anthu azidya, kapena zula udzale azitona. Ukatero ubwere, Dorra ndidzakupatsa ndi manja awiri. Koma adzukulu anga sadzakula ndi buledi wochokera m'botolo."

Nidhal anayesa kufotokoza kuti mipesayo ndi yakale, anadzala ndi agogo ake, ndipo mphesa zake n'zazing'ono, zokhuthala khungu, zoti kumsika palibe angazitole. Mawu ake anali aulemu. A Haji ankagwedeza mutu ngati akumumvera chisoni. Mwina pakanapezeka kanjira, a Bechir akanapanda kuika kapu yawo pansi mwamphamvu.

"Haji, tisanamizane," anatero. "Denga tikukhalamoli linakwera ndi mabotolo a mlamu wanga. Ngakhale ndege inakutengerani ku Makka ija, mafuta ake anali vinyo yemweyu. Lero wanunkha?"

Dorra anamva mpando ukukwekwereka, kenako mawu a bambo ake, ozizira ngati madzi a m'chitsime, akuthokoza alendo chifukwa chobwera ndi kuwafunira ulendo wabwino. Nidhal potuluka anadutsa pafupi ndi iye, nkhope ili yotuwa. Anatsegula pakamwa, koma amalume ake anamukoka dzanja.

Madzulo a tsikulo a Haji sanadye. Ananena chinthu chimodzi chokha, kuti dzina la banja limenelo lisamvekenso m'nyumba mwawo.

*

Masiku otsatira mauthenga ankapita n'kubwera ngati mabwato opanda nsomba. Nidhal ankapepesa za amalume ake. Dorra ankayankha kuti anamuchenjeza. Nidhal ankafunsa ngati a Haji afewako, Dorra ankati ayi. Kenako ankasowa chokamba, poti nkhani ya vinyo ndi nsomba, imene inkawaseketsa kale, tsopano inali ngati bala.

Mlamu wake wa Dorra, mkazi wa achimwene ake, ndi amene anamuonetsa chithunzi. Anabwera nacho kukhitchini nkhope ili yachisoni, koma maso akuwala. Pachithunzipo panali Nidhal atavala jekete, akuthira vinyo patebulo lalitali la hotelo ina ku Hammamet. Pambali pake panali mkazi wamtali, watsitsi lofika m'mapewa, dzanja lake lili pamkono pa Nidhal. Pansi analembapo kuti vinyo wabwino amafuna nyumba yomudziwa. Dzina la mkaziyo linali Yosra, woyang'anira malo odyera a hoteloyo.

Dorra anatumiza chithunzicho kwa Nidhal popanda mawu. Yankho linabwera msanga: Yosra ndi kasitomala chabe, ndipo chisiyireni a Haji kugula, ndi iye amene akutenga vinyo wambiri. Dorra analemba kuti sankadziwa kuti makasitomala a masiku ano amagula ndi mkono womwe. Nidhal anayankha kuti iye akumira, ndipo m'malo momuponyera chingwe akumufunsa mtundu wa madzi. Dorra anazimitsa foni.

Pasanathe mlungu, mkazi uja anatulukira yekha kulesitilanti. Anakhala patebulo la pawindo, n'kuitanitsa nsomba yowotcha, ndipo atadya anapempha kuti aonane ndi wophika. Dorra anatuluka akupukuta manja. Yosra anamwetulira ngati akudziwana kalekale. Anayamikira nsombayo, n'kufunsa ngati angapezeko tambula ya vinyo woyera, kenako anadzigwira pakamwa n'kupepesa kuti anaiwala.

"Nidhal sasiya kukamba za manja anu," anatero. "Akuti vinyo wake anabadwira nsomba yanu. N'zomvetsa chisoni kuti sizingakumanenso. Koma musadandaule, wophika wanga akuphunzira. Nidhal amabwera kudzamulawira."

Dorra anayankha kuti auze wophikayo achepetse adyo, poti vinyo ameneyo sachedwa kuthawa akapanikizidwa. Yosra anaseka, n'kunena kuti kwake sathawa, amasungidwa pabwino. Anasiya khadi lake patebulo, akuti mwina tsiku lina Dorra adzafuna khitchini yaikulupo.

Dorra anabwerera mkati, n'kuima pafupi ndi makala mpaka utsi unamupatsa chifukwa cha misozi.

*

Lolemba, tsiku limene lesitilanti imatseka, anakwera minibasi ya kumtunda atanyamula nsomba ziwiri m'chikwama cha ayezi. Sankadziwa ngati akupita kukamenyana kapena kukatsanzika.

Pakhomo anakumana ndi amayi ake a Nidhal, a Habiba, akuyanika tsabola. Anamulonjera mwaulemu koma sanamupatse mpando. Anati alibe naye chifukwa, ndi mtsikana wabwino, koma chiyambireni nkhaniyi mwana wawo sadya, sagona. Anamuuza kuti masiku apitawo Nidhal anaitana munthu wa thirakitala kuti adzaone munda, ndipo iwo anakagona pansi pakati pa mizere ya mpesa n'kunena kuti ayambe wawaponda iwowo.

"Mwamuna wanga anandisiyira zinthu ziwiri, mwana ndi munda," anatero. "Iwe ukufuna unditengere zonse tsiku limodzi. Atsikana alipo amene angamukonde ndi mphesa zake zomwe."

Dorra sanafunse kuti atsikana ake ati. Anangoti zikomo, n'kulowera kumunda.

Anamupeza Nidhal kumapeto kwa mzere, atakhala pamwala, ndevu zitamera. Nkhani ya Yosra inatha msanga kuposa mmene Dorra ankaganizira. Nidhal anavomera kuti mkaziyo amamufuna, ndipo iye sanamukalipire poopa kutaya msika, koma analumbira kuti mtima wake sunasunthe. Za thirakitala anati si amayi ake okha amene anamuletsa. Munthuyo atafunsa kuti ayambire mbali iti, iye anayang'ana mipesa yokalamba ija, yopindika ngati zala za agogo ake, ndipo mawu anakana kutuluka.

"Ndinayesa, Dorra. Ndikanazula, ukanakwatiwa ndi munthu amene sukumudziwa."

Dorra anati sanabwere kudzamuuza kuti azule. Anasonkha moto wa nthambi zouma za mpesa pomwepo, n'kuwotcha nsomba zija ndi mchere ndi ndimu. Nidhal anakatenga botolo lozizira ndi tambula imodzi. Atathira, Dorra anatambasula dzanja.

Nidhal anazengereza, n'kumufunsa ngati akudziwa chimene akuchita. Dorra anati akufuna amuone maso ndi maso mdani amene wamulanda mwamuna. Analuma nsomba, kenako anapsontha pang'ono. Kuzizira kunayamba, kenako kuwawasa kofatsa kumene kunatsuka mafuta a nsomba m'kamwa, ndipo maluwa aja anabwera mochedwa, chakumbuyo kwa mphuno. Kamchere kanalipodi. Zonse zimene Nidhal ankamuuza zinali zoona, ndipo nsombayo inakoma kuposa mmene inakomerapo m'moyo wake wonse.

Anabweza tambula, n'kupukuta pakamwa.

"Kanthu kochepa chonchi," anatero, "n'kamene katigwetsera mabanja awiri?"

Nidhal anamugwira manja onse. Anati iwo si ana, ndipo kuboma safunsa chilolezo cha bambo a munthu wamkulu. Angathe kulembetsa ukwati mwakachetechete, ndi mboni ziwiri, ndipo makolo adzakwiya chaka chimodzi kapena ziwiri, koma mdzukulu akadzabadwa mitima idzagwa. Dorra ankadziwa kuti mawu amenewo ndi a munthu amene watheratu nzeru. Komabe anali mawu okhawo okhala ndi khomo. Anamuuza kuti amupatse nthawi akalankhule ndi bambo ake komaliza, ndipo akakana, abwera.

*

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, atatafuna khungu la ndimu njira yonse kuti fungo la vinyo lisamveke. Mawu anali atawakonza bwinobwino: kuti amawalemekeza, kuti sadzaika botolo patebulo pawo, koma moyo ndi wake.

Anawapeza a Haji ali okha pakhonde la kuseri, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Asanayambe kulankhula, iwo anamulozera mpando wapafupi n'kumuitana ndi dzina limene ankamuitana nalo ali kamwana. Dorra anakhala. Ndi pamene anaona mmene khosi lawo linaonderamo, ndi chikasu chimene chinali m'maso mwawo, ndipo anadabwa kuti wakhala akuyang'ana kuti miyezi yonseyi.

Anamuuza mosazungulira. Matenda anali m'chiwindi. Madokotala a ku Tunis anawapeza asanapite ku Makka, ndipo n'chifukwa chake anapita mofulumira chonchija. Sanauze aliyense, ngakhale achimwene ake a Dorra, poti sankafuna kulira m'nyumba iwo akadali moyo. Tsopano madokotala anati mankhwala asiya kugwira, ndipo nyengo yozizira ikubwerayi mwina sadzaiona kutha kwake.

Dorra anagwada n'kuika mutu pamaondo awo. Iwo anamusisita tsitsi mpaka kulira kunachepa. Anati imfa sakuiopa kwenikweni. Chimene chimawasowetsa tulo ndi anthu onse amene anawathirira vinyo ndi dzanja lawo, ndi zimene akayankhe akakafunsidwa. Mwina akulakwitsa, anatero, mwina a Bechir ananena zoona, koma munthu amene ali pakhomo sayesa mwayi.

"Sindikukukakamiza mwamuna wina, mwana wanga. Ukwatiwe ndi msodzi, ndi mphunzitsi, kapena ukhale wekha. Ndikupempha chimodzi. Undilonjeze kuti sudzalowa m'nyumba imene imadya za vinyo, ndili moyo ngakhale nditapita. Ndikamva zimenezo, ndigona."

Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba. Linali lopepuka, lamitsempha, dzanja lomwe linamuphunzitsa kugwira mpeni wa nsomba.

M'thumba mwake foni inanjenjemera. Sanafunikire kuitulutsa kuti adziwe mwini uthengawo ndi funso lake. Anaganiza zonena kuti ayembekeze mpaka mawa, koma maso a bambo ake anali pa iye, odekha, okhulupirira, ngati a munthu amene sanakanizidwepo kanthu ndi mwana ameneyu.

Foni inanjenjemeranso. Dorra anaika dzanja lake m'dzanja la bambo ake, ndipo iwo analifumbata.

"Nena, mwana wanga," anatero a Haji. "Ndikumva."

Ndipo Dorra analonjeza.